Mkazi pa Nsanja ndi pa Kanema: Njira ya Joyce Mhango-Chavula, Poyang'anira ku Chifunde

M'madera onse amene anthu amayankhula Chichewa, kuyambira ku Lilongwe ndi ku Dedza m'Malawi, kudzera ku Katete ndi ku Chadiza m'Zambia, mpaka m'boma la Chifunde m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mkazi amene wasankha zisudzo kukhala ntchito yake sapeza kampani yomulemba chaka ndi chaka, kapena nyumba ya masewero yomulipira pakutha pa mwezi, monga zimakhalira m'mayiko amene luso limeneli linazika mizu kalekale. Zisudzo ndi luso losanduka munthu wina pamaso pa oonerera pofuna kufotokoza nkhani, ndipo masiku ano lili ndi mabwalo awiri: nsanja, pamene wosewera amaonana maso ndi maso ndi anthu amene alipira pakhomo, ndi kanema, momwe amasewera pamaso pa kamera kuti anthu adzamuone pambuyo pake iye kulibe. Mbiri ya Mayi Joyce Mhango-Chavula a ku Malawi, amene anayambira pa nsanja ya kusukulu nafika polandira mphotho ku Lagos m'chaka cha 2016, ikuonetsa kuti amayi amene akhalitsa pa ntchitoyi kuno ndi amene anavomera kudzilembera okha masewero, kusonkhanitsa okha anzawo osewera nawo, ndi kusaka okha ndalama zoyendetsera zonse.

Kwa munthu wa ku Chifunde nkhani ya katswiri wa ku Malawi si yachilendo. Bomali, limene lili kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi ndipo kalembera wa 2007 anapezamo anthu oposa 100,000, limachita malire ndi Zambia komanso Malawi, ndipo msewu waukulu wochokera mumzinda wa Tete umatulukira pa chipata cha Cassacatiza polowera ku Katete. Anthu ambiri kumeneko ndi Achewa olima chimanga ndi fodya, ndipo pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, mabanja ochuluka a m'chigawochi anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, kumene ana awo analowa sukulu ndi kuzolowera mawailesi a kumeneko. Maputo, likulu la dziko lawo ndi la zisudzo za m'Chipwitikizi, ili pa mtunda woposa makilomita 1,500, pamene Lilongwe ili kungoseri kwa malire. Choncho mtsikana wa ku Chifunde amene ali ndi mphatso yosanzira anthu ali ndi zitsanzo ziwiri zoti ayang'ane, ndipo chimene chili pafupi ndi khutu lake ndi cha ku Malawi.

Bwalo limene linalipo kale

Achewa sanadikire sukulu kuti adziwe zisudzo. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza m'chaka cha 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse m'dzina la mayiko atatu a Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi zonse zimene sewero limafuna: otchulidwa odziwika ndi mayina, zovala, nyimbo, nthabwala, ndi chidzudzulo chopita kwa waulesi, wachiwerewere kapena wodzikuza. Koma magawo a ntchito pa bwalo limeneli anagawidwa motsata mwambo. Zilombo zimatuluka kudambwe, malo obisika amene amalowako amuna ometa okha, ndipo ngakhale chilombo chooneka ngati mkazi, monga Mariya, chimachokera komweko kumene mkazi saponda. Amayi amaima m'mbali mwa bwalo, kuimba, kuomba m'manja, kuyankha ndi kuseleula chilombo, ndipo aliyense amene anaonerapo gule akudziwa kuti popanda iwo bwalo limazizira. Komabe nkhope imene anthu abwera kudzaona si yawo.

Luso la amayi losanzira ndi kuphunzitsa mwa sewero linali ndi malo akeake m'chinamwali, mwambo wolangiza atsikana otha msinkhu, momwe anamkungwi, amene ndi amayi akuluakulu oyendetsa mwambowo, amagwiritsa ntchito nyimbo, magule ndi zitsanzo zochita ndi thupi pophunzitsa namwali za ukhondo, ulemu ndi banja. Zambiri mwa izi zimachitika m'tsimba, kutali ndi maso a amuna. Motero mwambo unazindikira kuti mkazi amatha kusewera, koma unaika luso lakelo m'nyumba yotseka, ndipo chatsopano chimene nsanja ya masiku ano inabweretsa si luso ayi, koma kuti mkazi aime pakati pa bwalo, nkhope yake ili poyera, dzina lake litalembedwa pa chikalata choitanira anthu, amuna ndi akazi atalipira kuti amumvere iye.

Sukulu, Chingerezi ndi lumo la boma

Khomo limene atsikana ambiri a ku Malawi analowera linali mpikisano wa masewero wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi lotchedwa ATEM, umene unayamba m'chaka cha 1969 pakati pa sukulu za sekondale. Cholinga cha aphunzitsiwo chinali kunola Chingerezi cha ophunzira, osati kuumba akatswiri, ndipo chimenechi chinasiya chizindikiro chimene chikuonekabe: zisudzo zolemekezeka zinakhala za m'Chingerezi, ndipo za m'Chichewa zinatengedwa ngati zoseketsa chabe. Nthawiyo sewero lililonse linkayenera kudutsa m'manja mwa bungwe la boma lounika zosangalatsa, limene lamulo la 1968 linalipatsa mphamvu yodula mawu kapena kuletseratu sewero lonse. Kwa amayi kunali chotchinga china chapadera, pakuti lamulo la kavalidwe la 1973 linkawaletsa buluku ndi siketi yaifupi mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kuonekera kwa amayi pagulu kumene boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linkalimbikitsa kunali kwa mbumba yovala nsalu ya chipani, yovina ndi kuimba zotamanda mtsogoleri. Mkazi woima yekha pa nsanja nayankhula mawu otsutsa mwamuna wake wa m'sewero anali chinthu china kotheratu.

Chichewa chinali ndi njira yake pa wailesi ya MBC, m'mapulogalamu monga Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino, momwe mawu a amayi ankamveka m'midzi yonse imene mphepo ya wailesiyo inkafika, ndiponso m'gulu la Kwathu, limene linatchuka ndi John Nyanga ndi Eric Mabedi, odziwika kuti Izeki ndi Jakobo. Pa wailesi mkazi ankamveka koma osaoneka, zimene mwina zinathandiza kuti makolo ndi amuna awo asadandaule kwambiri.

Gertrude Kamkwatira

Amene anatsegula njira imene Mayi Chavula anadzatsata ndi Mayi Gertrude Kamkwatira, amene anakulira m'gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre. Gululi analiyambitsa m'chaka cha 1987 ndi Du Chisiza Jr., mwana wa Dunduzu Chisiza wandale uja, atabwerako ku maphunziro a zisudzo ku Philadelphia m'dziko la America, ndipo limawerengedwa kuti linali loyamba m'Malawi kuchita zisudzo ngati ntchito yodyerapo, osati yotayitsa nthawi pa Loweruka. Wakhumbata inkayenda m'mizinda ndi m'sukulu, inkadalira ndalama za pakhomo, ndipo inaphunzitsa anthu a m'tauni chizolowezi chopita kukaonera sewero ku French Cultural Centre mu Blantyre. Chisiza atamwalira m'mwezi wa February 1999, ali ndi zaka 35 zokha, utsogoleri wa gululi unagwera Mayi Kamkwatira, ndipo patapita nthawi iwo anachokamo nayambitsa lawolawo lotchedwa Wanna-Do.

Kusamuka kumeneku ndiko kofunika kwambiri m'mbiri yonseyi. Wosewera amene ali m'gulu la wina amadikira kuti mlembi amuganizire gawo, ndipo magawo amene alembi aamuna ankasungira akazi nthawi zambiri anali a mkazi wozunzika, chibwenzi chonyenga kapena mpongozi wolongolola. Mayi Kamkwatira atakhala mwini gulu anakhalanso mlembi ndi wotsogolera, ndiye kuti munthu amene amasankha osewera, kuwayeserera ndi kugamula mmene chilichonse chionekere pa nsanja. Analemba masewero oposa khumi m'Chingerezi, ndipo pakati pawo pali It's My Fault, lokamba za nkhanza za m'banja, Breaking the News, lokamba za Edzi pa nthawi imene matendawa ankatha anthu koma osatchulidwa pamaliro, ndi Jesus' Retrial. Kalembedwe kawo kanali kachangu: ankakhala pansi tsiku limodzi kapena awiri kulemba mosalekeza, kenako n'kukambirana zolembazo ndi osewera, ndipo aliyense ankapatsidwa mpata woumba yekha munthu amene akamusewere asanayambe kuyeserera pamodzi. Njira imeneyi ili ndi ngozi yake, chifukwa sewero lolembedwa mothamanga limatha kutalika kapena kubwereza mfundo, koma inkagwirizana ndi moyo wa gulu lodya za pakhomo, limene likachedwa kutulutsa chatsopano oonerera amaliiwala.

Iwo anatsogoleranso bungwe la ochita zisudzo la National Theatre Association of Malawi ndiponso anakhala wapampando wa COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso ndi kutolera ndalama za eni ake. Anamwalira m'chaka cha 2006 ali ndi zaka pafupifupi 40, ndipo imfa yawo, pobwera zaka zisanu ndi ziwiri zokha pambuyo pa ya Chisiza, inaonetsa kufooka kwa magulu omangidwa pa munthu mmodzi: mwini akagona, gulu limavutika kuima.

Kusiya ntchito ya pamwezi

Mayi Joyce Mhango-Chavula analowera pa khomo lomwe lija la ATEM ali ku sekondale, ndipo pambuyo pake anasewera m'magulu angapo, kuphatikizapo Wanna-Do ya Mayi Kamkwatira, kwinaku akugwira ntchito yoyang'anira malonda ku kampani yofalitsa nkhani. M'chaka cha 2009 anasiya ntchitoyo nayambitsa gulu lawo la Rising Choreos Theatre Company, ndipo iwo eni akhala akunena kuti chitsanzo cha Mayi Kamkwatira ndicho chinawalimbitsa mtima. Nthawi imene anasankhayi sinali yabwino kwa nsanja. Wailesi ya kanema ya boma inali itayamba m'chaka cha 1999, mafilimu a ku Nigeria anali atadzaza m'nyumba za anthu ndi m'timashedi toonetsera vidiyo m'misika, ndipo m'chaka cha 2011 French Cultural Centre inatsekedwa n'kusakazidwa ndi akuba, moti ochita zisudzo a mu Blantyre anatsala opanda kwawo kwa zaka zingapo.

Yankho lawo linali la munthu wodziwa malonda. M'chaka chomwecho cha 2011 anakonza sewero la The Return, momwe anaphatikiza osewera a ku Malawi ndi a ku Nigeria, ndipo mmodzi mwa alendowo anali Patience Ozokwor, amene anthu a kuno amamudziwa kuti Mama G ndipo amamukonda ndi kumuda nthawi imodzi chifukwa cha magawo ake a mayi wankhanza. Seweroli linayenda m'zigawo zonse zitatu za Malawi. M'malo molimbana ndi kanema wa ku Nigeria amene anawalanda oonerera, Mayi Chavula anatenga nkhope ya pa kanemayo n'kuiika pa nsanja kuti anthu abwere kudzaiona yamoyo, ndipo iwo eni anaonekeranso m'mafilimu a Desmond Elliot, katswiri wa ku Nigeria.

Kuchoka pa nsanja kupita pa kamera si kungosintha malo. Pa nsanja mawu ayenera kufika kwa munthu wokhala pa mpando wakumbuyo, manja ndi thupi lonse ziyenera kuyankhula, nkhani imayenda kuchokera poyamba mpaka pothera popanda kuima, ndipo wosewera amamva kuseka kapena kung'ung'udza kwa anthu n'kusintha liwiro lake pomwepo. Kamera imayandikira mpaka pa chikope, kotero kuti chimene chinali choyenera m'holo chimaoneka chonyanya pa galasi, ndipo wosewera ayenera kuphunzira kuchepetsa, kulola kuti maso okha anene zimene pa nsanja zikanafuna mkono wonse. Zigawo za filimu sizijambulidwa motsatana. Maliro akhoza kujambulidwa m'mawa, ukwati wa womwalirayo madzulo, ndipo chigawo chimodzi chimabwerezedwa kangapo mpaka wojambula, wa zomvekera ndi wa magetsi onse akhutire. Chilema chimene chimaoneka kawirikawiri m'mafilimu oyamba a ku Malawi, chokuwa ndi kutambasula manja pamene nkhani ikufuna bata, chinachokera pa kusazindikira kusiyana kumeneku, ndipo n'chifukwa chake kuphunzitsa osewera achinyamata kwakhala mbali ina ya ntchito ya Mayi Chavula.

Filimu yawo yoyamba yaitali, No More Tears, inatuluka m'chaka cha 2013 ndipo inajambulidwa mu Lilongwe ndi m'mbali mwa nyanja ku Salima. Imakamba za mtsikana wa zaka 20 amene mayi ake amwalira ndi Edzi, iye n'kutsala akudwazika bambo ake, ndipo bambowo atatsamira mkono abale awo aamuna akulanda katundu yense n'kumusiya padzuwa. Nkhani ya kulanda chuma cha amasiye inali pakamwa pa anthu nthawiyo, pakuti m'chaka cha 2011 Malawi inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma chamasiye limene limawerenga mchitidwewu kukhala mlandu. Kwa oonerera a m'midzi ya chikamwini, monga yambiri ya ku Chifunde, kumene mwamuna amakakhala kwa mkazi ndipo ana amawerengedwa a mbumba ya kuchikazi pansi pa malume, filimuyi imadzutsa funso limene mabwalo a mafumu amakumana nalo kawirikawiri: katundu wogulidwa ndi ndalama za fodya kapena za ntchito ya m'tauni ndi wa ana a malemu kapena wa abale ake? Apa m'pamene mzere wochokera kwa Mayi Kamkwatira ukuonekera bwino, chifukwa onse awiri atapeza mphamvu yosankha nkhani anasankha za m'nyumba, zimene alembi ena ankaziona ngati zazing'ono poyerekeza ndi ndale.

Filimu ya Lilongwe, ya m'chaka cha 2015, ndiyo inawatchukitsa kunja. M'mwezi wa March 2016 inapambana ngati filimu yabwino koposa ya kummwera kwa Africa pa mphotho za Africa Magic Viewers' Choice Awards, zimene kampani ya MultiChoice, mwini wa DStv, imapereka ku Lagos kuyambira m'chaka cha 2013, ndipo aka kanali koyamba kuti filimu ya ku Malawi itenge mphotho imeneyi. Yotsatira yake, Nyasaland, inafika pa mndandanda wa opikisana pa Africa Movie Academy Awards m'chaka cha 2018, ndipo chaka chomwecho inaonetsedwa ku Silicon Valley African Film Festival ku America. Monga mphunzitsi wawo uja, Mayi Chavula analowanso m'utsogoleri wa mabungwe, poyamba ngati wachiwiri kwa mtsogoleri wa National Theatre Association of Malawi ndipo kenako mu Film Association of Malawi. N'zochititsa chidwi kuti amuna otchuka pa zisudzo anatengera kutchuka kwawo ku ndale, pakuti Chisiza anakhala nduna m'chaka cha 1993, Bon Kalindo wodziwika kuti Winiko anakhala phungu, ndipo Michael Usi, Manganya wa m'sewero la Tikuferanji, anafika pa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko m'chaka cha 2024, pamene amayi awiriwa anatengera kwawo ku misonkhano ya mabungwe a luso, kumene kulibe galimoto ya boma.

Amene anadikira kuitanidwa

Pali njira ina, ya wosewera amene luso lake limaonekera m'filimu ya wina, ndipo Malawi ili ndi zitsanzo zabwino. Flora Suya anasewera Sungisa m'filimu ya Seasons of a Life ya Shemu Joyah, mtsikana wantchito ya m'nyumba amene bwana wake amupatsa mimba, ndipo pambuyo pake aphunzira zamalamulo n'kubwerera kudzamenyera mwana wake kukhoti. Gawo limeneli linawaika pa mndandanda wa opikisana pa Africa Movie Academy Awards m'chaka cha 2010, pamene Tapiwa Gwaza wa m'filimu yomweyo anapambana mphotho ya wosewera wamkazi wothandizira. Suya anabwereranso pa mndandandawo m'chaka cha 2013 ndi gawo la Abiti Anefa mu The Last Fishing Boat. Koma Joyah, ngakhale ali mmisiri wosamala koposa, watulutsa mafilimu ake motalikirana zaka zinayi kapena zisanu, ndipo palibe munthu angadye mphotho kwa zaka zisanu. Nawonso a Suya anafika popanga filimu yawo, My Mother's Story.

Chitsanzo cha Lily Banda chikuonetsa malire a mwayi wochokera kunja. Mu The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya 2019 imene Chiwetel Ejiofor anajambula ku Kasungu ndipo Netflix inaifalitsa padziko lonse, Banda anasewera Annie, mlongo wa William Kamkwamba, mnyamata amene filimuyi imafotokoza nkhani yake, ndipo anaonekeranso m'sewero la pa kanema la ku Britain lotchedwa Deep State. Komabe magawo akuluakulu a banja la Achewa limenelo anapita kwa alendo: mayi anaseweredwa ndi Aïssa Maïga wa ku France wobadwira ku Senegal, William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo bambo ndi Ejiofor mwini. Onse anaphunzira Chichewa molimbika, koma khutu la mwini chiyankhulo linamva kupotoka kwake, ndipo Amalawi ambiri ananena zimenezi poyera.

Ndalama ndi chiyankhulo

Muzu wa zonsezi ndi msika. Nyumba zoonetsera kanema zimene zinalipo m'mizinda ya m'chigawo chino zambiri zinatsekedwa kapena kusanduka matchalitchi ndi masitolo, ma DVD anagwa chifukwa cha okopera mwakuba, ndipo lero filimu imayenda pa memori khadi ndi pa foni, kuchokera kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'misika, popanda tambala kubwerera kwa amene anaipanga. Chotsala ndi tsiku lokhazikitsa filimu m'holo ya hotela, thandizo la makampani, ndi mabungwe a chitukuko amene amalipira masewero ophunzitsa za Edzi, katemera, maukwati a ana kapena chisankho. Zisudzo za chitukukozi, zimene akatswiri a ku Chancellor College monga Chris Kamlongera ndi David Kerr anazilimbikitsa m'zaka za m'ma 1980, zadyetsa osewera ambiri ndipo zafika m'midzi imene Wakhumbata sinafikeko, koma zili ndi mtengo wake: mwini ndalama ndiye amasankha mutu, ndipo mkazi wa m'sewero lotere nthawi zambiri amakhala phunziro loyenda ndi miyendo, osati munthu wa maganizo osokonekera ngati anthu enieni.

Ku Mozambique njira inayenda mosiyana. Boma la Frelimo litangolandira ufulu m'chaka cha 1975 linakhazikitsa bungwe la kanema la dziko, limene linkapanga nkhani za pa kanema zotchedwa Kuxa Kanema n'kumazionetsa m'midzi pa galimoto, mpaka nkhondo ndi moto umene unatentha nyumba yake m'chaka cha 1991 zinafooketsa ntchitoyo. Pa nsanja, mayi winanso, Manuela Soeiro, anayambitsa gulu la Mutumbela Gogo m'chaka cha 1986, limene linakhazikika ku Teatro Avenida mu Maputo, linagwira ntchito zaka zambiri ndi mlembi wa ku Sweden Henning Mankell, ndipo linakuza akatswiri monga Lucrécia Paco ndi Graça Silva. Kukhala ndi nyumba yakeyake kunapatsa gululi moyo wautali umene Wakhumbata ndi Wanna-Do sanaupeze. Pa kanema, Virgem Margarida ya Licínio Azevedo, yokamba za amayi amene anagwidwa mu Maputo m'chaka cha 1975 n'kutumizidwa ku misasa ya kumpoto kuti akawongoledwe khalidwe, inapatsa Hermelinda Cimela mphotho ya wosewera wothandizira pa mpikisano womwe uja wa 2013 umene Flora Suya analipo, ndipo Comboio de Sal e Açúcar ya 2016 inafotokoza za sitima yochokera ku Nampula m'nthawi ya nkhondo, yonyamula anthu opita kukasinthanitsa mchere ndi shuga wa ku Malawi.

Njira zonse ziwirizi zili ndi chipata cha chiyankhulo. Ya ku Maputo imafuna Chipwitikizi, ya ATEM imafuna Chingerezi, ndipo mtsikana wa ku Mualadzi kapena ku N'sadzo, m'boma la Chifunde, amaganiza, kukangana ndi kuseka m'Chichewa, chimene ku Mozambique chimalembedwa kuti Cinyanja. Chiyankhulochi chili ndi malo ake m'dzikolo: wailesi ya Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja, ndipo kuyesa koyamba kophunzitsa ana m'chiyankhulo cha kwawo pamodzi ndi Chipwitikizi, m'zaka za m'ma 1990, kunachitikira ku Tete m'Chinyanja ndi ku Gaza m'Chichangana. Apa m'pamene mbadwo wa Mayi Kamkwatira ungadzudzulidwe mwaulemu. Polemba m'Chingerezi anapeza ulemu wa anthu ophunzira a mu Blantyre ndi Lilongwe, ndipo amene anawatsatira anapeza njira ya ku mipikisano ya kunja, koma anasiyira a nthabwala msika waukulu wa anthu mamiliyoni ambiri a m'mayiko atatu amene amamva chiyankhulo chimodzi, amene mafumu awo amakumana chaka ndi chaka m'mwezi wa August ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba pamaso pa mfumu yaikulu ya Achewa, Kalonga Gawa Undi.

Foni ndi intaneti zayamba kusintha zimenezi, chifukwa masewero a m'Chichewa oikidwa pa YouTube ndi Facebook safunsidwa chiphaso pa Cassacatiza, ndipo kamera ya pa foni yachotsa chotchinga cha zipangizo chimene chinavutitsa oyamba aja. Chimene sichinawoloke malire ndi malipiro. COSOMA imatolera m'Malawi, bungwe la eni luso la SOMAS limagwira ntchito yake ku Mozambique, ndipo filimu yojambulidwa ku Salima ikaonetsedwa m'shedi ya vidiyo ku Chifunde, wolandira ndalama ya pakhomo ndi mwini jenereta.